Ulendo wa timu ya basiketibolo ya South Sudan: kuchokera ku Alexandria kukafika ku Lille

Usiku wa pa 3 Ogasiti 2024, pamene masewero a basiketibolo a pakati pa Serbia ndi South Sudan ankatha mumzinda wa Lille ku France, ambiri mwa anthu amene ankaonera kuno ku Harare sanamvetse chifukwa chimene anyamata a South Sudan anaonekera osweka mtima chotero. Kugonja ndi mapointi 96 kwa 85 pamaso pa timu imene ili ndi Nikola Jokić, mmodzi wa osewera otchuka kwambiri padziko lonse, si chinthu chochititsa manyazi. Chodabwitsa china chinali chakuti Brazil ndi Greece, amene nawonso anapambana masewero amodzi okha mwa atatu, anapitirira mpaka mu ndime ya makotafainolo ya Olympics, pamene South Sudan inalongedza katundu. Kuti zimenezi zimveke bwino, tiyenera kuona momwe mipikisano ya FIBA, bungwe loyendetsa basiketibolo padziko lonse, imalukanirana, komanso momwe dziko limene linalibe ngakhale bwalo limodzi lofolera losewerera masewerowa linapezekera pakati pa matimu 12 a ku Olympics.

South Sudan inalandira ufulu wodzilamulira pa 9 Julayi 2011, ndipo inalowa m'bungwe la FIBA mu 2013, chaka chomwecho chimene nkhondo yapachiweniweni inabuka m'dzikomo mu Disembala. Koma nkhondo imene inaumba timuyi ndi ina yakale, ya pakati pa kumpoto ndi kummwera kwa Sudan, imene inayamba mu 1983 n'kutha mu 2005. Nkhondo imeneyo inabalalitsa mabanja osawerengeka. Ena anakathera mumsasa wa othawa kwawo wa Kakuma ku Kenya, ena ku Uganda ndi ku Egypt, ndipo patapita zaka ambiri analandiridwa ku Australia, ku America, ku Canada ndi ku Britain. Ana awo anakulira m'mayiko amene sukulu zambiri zili ndi bwalo ndi mphunzitsi wa masewero.

Anthu ambiri akamafotokoza za kupambana kwa timuyi amathamangira kunena za msinkhu, poti Adinka ndi Anuer, mitundu ya anthu a m'dzikomo, ndi ena mwa anthu aatali kwambiri padziko, ndipo Manute Bol, mbadwa ya kumeneko imene inasewera mu NBA, ligi yaikulu ya ku America, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, anali wamtali mamita 2.31. Kufotokoza kotere n'kwaulesi. Anthu aatali analipo m'chigwa cha Nile kuyambira kalekale, koma kutalika sikugula tikiti ya ndege ndipo sikulemba kalata yopempha kalabu ya ku Adelaide kuti imasule wosewera wake kwa masabata awiri. Ntchito imeneyo anaigwira ndi Luol Deng.

Deng anabadwira ku Wau mu 1985. Banja lake linathawira ku Alexandria ku Egypt iye ali wamng'ono, kenako linakakhazikika ku London. Anaphunzira ku Blair Academy ku New Jersey ndi ku yunivesite ya Duke, analowa mu NBA mu 2004, ndipo pa zaka zimene anasewerera Chicago Bulls anasankhidwa kawiri, mu 2012 ndi 2013, kukhala m'gulu la akatswiri a ligiyo. Pa Olympics ya ku London mu 2012 anavala yunifolomu ya Great Britain. Atasiya kusewera mu 2019, anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa bungwe la basiketibolo la South Sudan kumapeto kwa chaka chomwecho. N'zodziwika bwino kuti kwa zaka zingapo ndalama za ndege, mahotela ndi malo ochitira zokonzekera zinkachokera m'thumba mwake. Mu 2021 anaitana mnzake amene anaphunzira naye ku Blair Academy, Royal Ivey, nzika ya America imene inaseweranso mu NBA, kuti akhale mphunzitsi wa timuyi, imene anthu amaitcha Bright Stars.

Mndandanda wa osewera ukuonetsa kumene anthu a dzikoli anamwazikira. Wenyen Gabriel anabadwira ku Khartoum n'kukulira ku New Hampshire, ndipo anasewerapo mu timu ya Los Angeles Lakers. Nuni Omot anabadwira ku Kenya makolo ake ali othawa kwawo, anakulira ku Minnesota, ndipo mu 2023 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu Basketball Africa League ali ndi kalabu ya Al Ahly ya ku Cairo. Marial Shayok ndi mwana wa ku Ottawa. Kaputeni Kuany Kuany, Bul Kuol, Majok Deng ndi Sunday Dech anakulira ku Australia. Wamng'ono pa onse, Khaman Maluach, anabadwira ku Rumbek mu 2006, anakulira ku Kawempe mumzinda wa Kampala, anaphunzira masewerowa ku NBA Academy Africa ku Senegal, ndipo anasewera Chikho cha Dziko Lonse ali ndi zaka 16 zokha.

Kusonkhanitsa anthu otere kuli ndi malamulo ake, ndipo lamulo lovuta kwambiri pa nthawi imeneyo linali la zaka 16. FIBA inkalola timu ya dziko kukhala ndi wosewera mmodzi yekha amene anapeza unzika wa dzikolo atapitirira zaka 16, ngakhale kholo lake litakhala mbadwa ya kumeneko. Cholinga chake n'chakuti mayiko olemera asamagule timu yonse kunja. Koma lamuloli linkapweteka kwambiri dziko limene kunalibe pamene osewera ake ambiri ankabadwa, chifukwa munthu sangatenge pasipoti ya dziko limene silinakhazikitsidwe. Malamulo omwewo amapatsa mlembi wamkulu wa FIBA mphamvu yoona nkhani ya wosewera aliyense payekha ngati pali umboni wakuti ali ndi mizu yeniyeni m'dzikolo, n'chifukwa chake mbali yaikulu ya ntchito yomanga timu ngati iyi imachitikira pa mapepala, kutali ndi bwalo. Carlik Jones, wobadwira ku Cincinnati amene anakhala woyendetsa masewero a timuyi, ndi amene analowa m'malo amodzi aja a wosewera wopeza unzika atakula.

Nkhani ya mapepala si yachilendo kwa ife a ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose ndi ku Mabvuku, amene agogo athu anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za Salisbury. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri obadwira m'dziko muno anapezeka akuwerengedwa ngati alendo, zitupa zawo zili ndi chilembo A, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 ananena kuti wobadwira ku Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, amene ankakhala muno, ndi nzika yobadwa. Pa nthawi yomweyo Benjani Mwaruwari, wobadwira ku Bulawayo kwa makolo a ku Malawi, anali kugoletsa zigoli ku Portsmouth ndi ku Manchester City ndiponso anakhala kaputeni wa Warriors, timu ya mpira wa miyendo ya dziko la Zimbabwe. Choncho funso lakuti mwana wobadwira kwina ndi wa dziko liti, ife tinalidziwira pa kauntala ya zitupa tisanalione pa bwalo la masewero.

Tsopano tione njira imene anadutsa. Mpikisano waukulu woyamba wa timuyi unali AfroBasket, chikho cha mayiko a mu Africa, ya 2021 ku Kigali, kumene inafika mu makotafainolo n'kugonja kwa Tunisia, imene inatenga chikhocho. Kenako panabwera masewero achipulula olowera ku Chikho cha Dziko Lonse cha 2023. Kuyambira mu 2017 FIBA imachititsa masewero amenewa m'zigawo zifupizifupi zomwazikana m'chaka, zina mu Novembala ndi mu Febuluwale, nthawi imene ligi ya NBA ili mkati ndipo siimasula osewera ake. Dongosolo limeneli limalanga mayiko odalira akatswiri a mu NBA ndi amene mabungwe awo ali pa mikangano, ndipo limakomera timu imene anthu ake amabwera omwewo ulendo uliwonse. Nigeria, imene mu 2021 inagonjetsa America 90 kwa 87 pa masewero opimana mphamvu ku Las Vegas, inatha chaka cha 2022 ili pa mkangano wa utsogoleri ndipo inalephera kudutsa. Senegal ndi Tunisia nazonso zinatsala. South Sudan inapambana masewero 11 mwa 12, ndipo malo ake inawapeza mu Febuluwale 2023 itagonjetsa Senegal ku Alexandria, mzinda umene Deng anakhalamo ali mwana wothawa nkhondo.

Chikho cha Dziko Lonse chinachitikira ku Philippines, ku Japan ndi ku Indonesia kuyambira pa 25 Ogasiti mpaka pa 10 Sepitembala 2023, ndipo chinali ndi matimu 32. Africa inatumiza asanu: Angola, Cape Verde, Côte d'Ivoire, Egypt ndi South Sudan. Apa ndi pamene pali mfundo imene oonera ambiri amaiphonya. Mpikisanowu umapereka malo asanu ndi awiri a ku Olympics, awiri ku Europe, awiri ku mayiko a ku America, ndipo Asia, Oceania ndi Africa amapatsidwa malo amodzi amodzi. Malo a Africa amapita kwa timu ya ku Africa imene yathera pamwamba pa zinzake, kaya yathera pa nambala 5 kapena pa nambala 20. Motero matimu asanu aja anali pa mpikisano wawowawo mkati mwa mpikisano waukulu, ngakhale sanali m'gulu limodzi.

South Sudan inasewera masewero ake ku Manila, kumene nthawi ili patsogolo ndi maola asanu ndi limodzi poyerekeza ndi kuno, kotero ambiri tinkangomva zotsatira pa foni tili pa ntchito. Tsiku loyamba inatsogola kwa nthawi yaitali pamaso pa Puerto Rico koma inagonja 101 kwa 96 mu nthawi yowonjezera, Jones atagoletsa mapointi 35. Kenako inakwapula China 89 kwa 69, ndipo Serbia inaiphunzitsa masewero ndi mapointi 115 kwa 83. Palibe timu ya ku Africa imene inalowa m'gulu la matimu 16 apamwamba, choncho nkhani yonse inakathera ku masewero ongodziwitsa malo a 17 mpaka 32, amene nthawi zambiri anthu amawaona ngati opanda ntchito. South Sudan inagonjetsa eni bwalo a Philippines 87 kwa 68, ndipo pa 2 Sepitembala inakumana ndi Angola, imene nthawiyo inali itatenga chikho cha Africa ka 11. Inapambana 101 kwa 78, Jones atagoletsa mapointi 26 ndi kupatsira anzake mipira 15 imene inalowa. Tsiku lomwelo Egypt, timu yokhayo imene ikanaipikisa, inagonja kwa New Zealand ndi mapointi awiri. South Sudan inathera pa nambala 17 ndipo tikiti ya ku Olympics ya ku Paris inakhala yake.

Kaseweredwe ka timuyi kanali kosiyana ndi kamene anthu amayembekezera kwa osewera aatali. M'malo moima pansi pa basiketi kudikira mpira, anyamatawa ankathamanga, ankaponya kwambiri mipira ya kutali ya mapointi atatu, ndipo poteteza ankagwiritsa ntchito mikono yawo yaitali kutseka njira za mpira. Kaseweredwe kotere kakayenda bwino kamasokoneza timu iliyonse, koma kali ndi mtengo wake, umene unadzaonekera ku Lille.

Asanapite ku France, pa 20 Julayi 2024, anakumana ndi America pa masewero opimana mphamvu mu O2 Arena ku London. Mbali inayo kunali LeBron James, Stephen Curry, Joel Embiid ndi Anthony Davis. South Sudan inatsogola ndi mapointi 16 m'theka loyamba la masewero. Kutatsala masekondi pafupifupi 20, JT Thor wa South Sudan anaponya mpira wa mapointi atatu umene unaika timu yake patsogolo, 100 kwa 99. James anatenga mpira yekha, analowa mkati mwa otchinga n'kugoletsa kutatsala masekondi 8. Jones anayesa komaliza mpira n'kukana, Gabriel anaulumphira kuti aubwezeremo koma nawonso sunalowe, ndipo masewero anatha 101 kwa 100. Usiku umenewo unawapatsa dzina, koma unawachotsera mwayi wodzidzimutsa anthu, chifukwa kuchokera pamenepo palibe mphunzitsi amene akanawaderera.

Ku Olympics matimu 12 anagawidwa m'magulu atatu a matimu anayi, ndipo masewero a m'magulu anachitikira mu bwalo la Pierre Mauroy pafupi ndi Lille. South Sudan inagwera m'gulu limodzi ndi America, Serbia ndi Puerto Rico, kutanthauza kuti inali ndi matimu amene pamapeto pake anatenga mendulo ya golide ndi ya bronze. Pa 28 Julayi, masewero ndi Puerto Rico asanayambe, osewera ataima pamzere manja ali pachifuwa, m'bwalomo munamveka nyimbo ya fuko ya Sudan, dziko limene makolo awo anamenyana nalo kwa zaka 22 kuti apatukane nalo. Ochemerera anakuwa, nyimboyo inadulidwa, ndipo patapita kanthawi yoyenera inaimbidwa. Okonza masewerowo anapepesa. Timuyi inayamba mozizira koma inapambana 90 kwa 79, n'kubweza ngongole ya ku Manila. Pa 31 Julayi America, imene tsopano inabwera itakonzeka, inapambana 103 kwa 86, ngakhale Omot anagoletsa mapointi 24.

Masamu ake anali otere. Matimu awiri apamwamba m'gulu lililonse amadutsa, ndiye kuti asanu ndi limodzi, ndipo malo awiri otsala amapita kwa matimu awiri abwino mwa atatu amene athera pa nambala yachitatu. Ngati onse apambana masewero ofanana, amaona kusiyana kwa mapointi amene timu yagoletsa ndi amene yagoletsedwa. Brazil inagonja kwa France ndi mapointi 12 ndi kwa Germany ndi 13, koma inagonjetsa Japan ndi 18, choncho inatsala ndi ngongole ya mapointi 7. Greece inagonja kwa Canada ndi kwa Spain ndi mapointi 7 ulendo uliwonse, n'kugonjetsa Australia ndi 6, ngongole yake inali 8. South Sudan inalowa m'bwalo kukakumana ndi Serbia ili ndi ngongole ya 6, ikudziwa kale manambala a anzawo aja poti masewero ake anali omaliza. Kupambana kukanaidutsitsa, ndipo ngakhale kugonja ndi pointi imodzi kukanakwanira. Inalimbana mpaka kulowa m'gawo lachinayi masewero akadali pafupi, kenako Serbia inathawa, ndipo kugonja ndi 11 kunafikitsa ngongoleyo pa 17.

Chimene chinautsa mkwiyo chinali chiwerengero cha ma free throw, mipira imene wosewera amaponya popanda womutchinga mnzake akamuchitira faulo. Serbia inapatsidwa 31, South Sudan 6. Ivey ndi Deng anadandaula poyera za oyimbira masewerowo, ndipo Deng anadzudzulanso kusowa kwa oyimbira a ku Africa pa mipikisano ikuluikulu. Kunena chilungamo, mbali ina ya kusiyanako inachokera ku kaseweredwe kaja. Timu imene imaponyera kutali siigundidwa kawirikawiri, pamene timu imene imapereka mpira kwa Jokić pafupi ndi basiketi imakakamiza otchinga kumugwira, ndipo faulo yachinayi ya timu m'gawo limodzi ikakwana, iliyonse yotsatira imabala ma free throw awiri. Komabe kusiyana kwa mipira 25 pa masewero amene anatha ndi mapointi 11 n'kwakukulu moti dandaulo lawo silingatayidwe ngati kulira kwa wogonja. Ndimaonanso kuti malo aja anatayika pang'onopang'ono m'masiku onse atatu, chifukwa pa dongosolo lotere basiketi iliyonse ya m'mphindi zomaliza za masewero amene atha kale imawerengedwa. Timuyi inathera pa nambala 9. Ulemu wokhala timu yoyamba ya ku Africa kufika mu makotafainolo a basiketibolo ku Olympics unapita kwa amayi a ku Nigeria, D'Tigress, pansi pa mphunzitsi Rena Wakama, pa mpikisano womwewo.

Zimene zinatsatira zinaonetsa pamene nyumbayi ili yofooka. Timu imene inagwedeza America sinkatha kusewera masewero a FIBA ku Juba, likulu la dziko lake, chifukwa chosowa bwalo lofolera lovomerezeka, ndipo zokonzekera zake zinkachitikira kunja. Osewera ake ambiri anaphunzitsidwa ndi masukulu ndi makalabu a mayiko ena, ndipo ndalama zinadalira munthu mmodzi, pamene akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Pa AfroBasket ya 2025 ku Angola, ena mwa akatswiri a ku Paris kulibe, South Sudan sinafike mu makotafainolo, ndipo Angola, imene mphamvu zake zili m'makalabu a ku Luanda monga Petro ndi Primeiro de Agosto, inatenga chikho chake cha 12 itagonjetsa Mali. Chaka chomwecho panalinso zolimbikitsa. Amayi a South Sudan anatenga malo achitatu pa AfroBasket yawo yoyamba ku Abidjan, ndipo Maluach, atasewera chaka chimodzi ku Duke, anasankhidwa pa nambala 10 polowa mu NBA n'kupita ku Phoenix Suns.

Pa City Sports Centre kuno ku Harare, ndi pa mabwalo a simenti a m'makomboni kumene ana amaponyera mpira m'chitsulo chopanda ukonde, funso limene limamveka ndi lakuti kodi Zimbabwe kapena Malawi sangachite chimodzimodzi. Zimbabwe inasewerapo AfroBasket ya 2015 ku Tunisia, ndipo yatulutsa osewera ngati Vitalis Chikoko amene wasewera m'maligi a ku Germany ndi ku France. Mayiko onse awiri ali m'chigawo chachisanu ndi chimodzi cha FIBA Africa, momwe muli Angola ndi Mozambique, kotero khomo lenileni n'lopapatiza kuyambira pachiyambi. Ana a mayiko awiriwa amene akukulira ku Britain, ku South Africa, ku Australia ndi ku America ndi ambiri, ndipo Malawi inasintha lamulo lake mu 2018 kulola unzika wa mayiko awiri. Koma kusiyana kulipo. South Sudan inali ndi munthu amene osewera a ku Melbourne ndi a ku Minnesota ankamukhulupirira akawaimbira foni, ndiponso amene akanatha kulipira ulendo wonse boma lisanatulutse kalikonse. Popanda munthu wotere, ntchitoyo imagwera mabungwe a masewero ndi makolo, ndipo imayambira pa lamulo la msinkhu wotengera pasipoti lija. Mwana wa ku Leeds kapena wa ku Johannesburg amene makolo ake sanamutengere pasipoti ya kwawo asanakwanitse zaka zimene FIBA imafuna, akadzakhala katswiri adzapikisana ndi ena onse otere pa malo amodzi okha m'timu ya dziko lake.